Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Kagalu kakang'ono kamakanda paliponse. Kakaona chiswe kamakanda, kakamva chikumbu kamakanda, pena kamangokanda poti magazi akuwira. Galu wamkota satero. Mano anatha, mphamvu zinachepa, ndipo saziwononga pa masewera. Iye akaima n'kuyamba kufukula, mlenje wodziwa amatula mkondo n'kuyang'anitsitsa, chifukwa pansipo pali una wa mbewa kapena fupa lomwe linakwiriridwa kale. Apa ndi pomwe makolo anatolapo mwambiwu: munthu wamkulu akachita chinthu, ngakhale chioneke chachabe kwa ana, pamakhala chifukwa chomwe iye anachidziwa atavutikira.

Mu Blantyre mwambiwu umamveka kwambiri pa milandu ya m'banja, ankhoswe akamalangiza ana. Koma umakhudzanso luso la manja. Achinyamata ambiri oyenda ndi foni m'misewu ya Limbe amaganiza kuti ukadaulo wonse unabwera pa sitima ndi pa ndege, ndipo za makolo amazitaya ndi mwambi wina, woti tsobola wakale sawawa. Akulakwitsa, ndipo umboni uli pansi pa mapazi awo omwe.

Mu 1859 David Livingstone ndi John Kirk anadutsa m'mapiri a kum'mawa kwa Shire, dera lomwe lero muli mzinda wa Blantyre. Zomwe Livingstone analemba za Amang'anja n'zoti ankakumba miyala ya chitsulo m'mapiri, ndipo midzi inali ndi ng'anjo zake, owotcha makala ake ndi osula ake. Ankasula makasu, nkhwangwa, mikondo, mivi, singano ndi zibangiri. Ankalimanso thonje, kulipota ndi kuluka nsalu. Apa n'kuti Blantyre Mission kulibe, chifukwa inadzakhazikitsidwa mu 1876.

Ng'anjo si chinthu chamasewera. Chitsulo chenicheni chimasungunuka pa kutentha kopitirira madigiri 1,500, ndipo moto wa makala m'ng'anjo ya dothi sufika pamenepo. Ndiye amisiriwo ankatani? Sankalimbana ndi kusungunula chitsulocho ayi. Ankasanjikiza makala ndi miyala yophwanyaphwanya, moto n'kumayaka usana ndi usiku pa madigiri oposa 1,100. Pa kutentha kotere mpweya wochokera m'makala umalanda okosijeni yemwe wagwirana ndi chitsulo m'mwalamo, zinyalala za mwala zimasungunuka n'kuyenderera pansi, ndipo chitsulo chimatsala chili chibuma chamabowobowo. Chibumacho chinkapita ku chipala, komwe mvukuto wa chikopa unkakolezera moto ndipo nyundo inkafinya zotsalira mpaka litabadwa khasu.

Chilichonse chinali ndi muyeso wake. Mpweya ukachuluka chitsulo chinkapserera n'kutayika pamodzi ndi zinyalala. Ukachepa moto unkazirala ndipo ntchito ya masabata inkathera pomwepo. Makala anayenera kukhala a mitengo yolimba. Dothi lomangira ankalisankha, kawirikawiri la pachulu, loti lipirire moto osagumuka. Ku Kasungu ndi kwa Aphoka ku Rumphi ankamanga ng'anjo zazitali zosafuna mvukuto n'komwe: mpweya wotentha ukamakwera unkakoka wina watsopano kudzera m'timipope tadothi tomwe ankatiika kunsi. Zotsalira za ng'anjo zotere zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu National Park, ndipo katswiri wina, David Killick, anazifufuza m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi madoda omwe anaona ntchitoyi ali anyamata. Amisiri a ng'anjowo analibe chida choyezera kutentha. Ankawerenga mtundu wa malawi, kamvekedwe ka moto ndi fungo la utsi.

Ngakhale miyambo yomwe anthu a masiku ano amaiseka inali ndi pogwira. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi, ndipo amisiri ankagona komweko, osayandikira akazi awo mpaka ntchito itatha. Eni ake ankafotokoza izi m'chilankhulo cha kutentha ndi kuzizira, monga momwe amafotokozera za mdulo. Wina angakane chikhulupirirocho, koma sangakane kuti lamulolo linkateteza madenga a udzu ku moto, linkasunga chinsinsi cha ntchito, ndipo linkaonetsetsa kuti palibe yemwe wachoka pa ng'anjo pa ola lomwe moto ukufuna maso ake.

Chitsulochi chinkayenda kutali. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, komwe kunali likulu la Kalonga, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula zida zachitsulo, mkuwa, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, umboni wa malonda ndi maiko akutali.

Mkati mwa mzinda wa Blantyre momwemu muli umboni wina womwe aliyense angaukhudze ndi dzanja. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, yemwe anatsogolera ntchitoyi, sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo omwe anagwira ntchito anali anthu akonkuno omwe anali asanamangepo chimango chotero. Njerwa zake, za maonekedwe 81 osiyanasiyana, anaziumba ndi kuziwotcha pamalo pomwepo. Mbiri imatchula dzina la Scott, ndipo n'koyenera, koma imangolumpha amisiri aja ngati kuti anali manja opanda mitu. Iwo anachokera m'midzi momwe kusankha dothi, kuliponda ndi kuliwotcha zinali nzeru zakalekale za oumba mbiya ndi omanga ng'anjo. N'chifukwa chake anagwira msanga. Patha zaka zoposa 130 khomalo lili chiimire, pomwe nyumba zina zamakono za simenti m'matauni mwathu zimang'aluka penti isanasuluke.

Ng'anjo zinazima osati chifukwa choti zinali zopusa. Makasu otchipa a m'sitolo ndi zitsulo zakutha za njanji ndi magalimoto zinachititsa kuti kukumba miyala kukhale kodula, ndipo pofika cha m'ma 1930 utsi wake unali utaleka. Chipala chokha ndicho chinatsala. Wopita ku msika wa Ndirande amamvabe nyundo za amisiri osula mbaula, ndowa, makasu ndi zikwanje kuchokera ku migolo ndi masipuling'i a galimoto, ambiri a iwo ataphunzira poonera wamkulu wawo, popanda satifiketi.

Chomvetsa chisoni n'choti omwe anaona ng'anjo ikuyaka ndi maso awo atha pafupifupi onse, ndipo oumba mbiya ndi oluka nkhokwe ndi miono akutsatira njira yomweyo. Aphunzitsi a mu Blantyre atengere ana ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, akawaonetse zida za makolo. Ndipo wophunzira aliyense wa uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS yemwe agogo ake akadali moyo atenge foni yake yomweyo, akakhale nawo pakhonde, awafunse chifukwa chomwe ankachitira chilichonse, ajambule yankho.