Kodi Kupirira ndi Kupinda Manja?

Bambo ena amene ana awo ndimawaphunzitsa ku madrasa anagwa pa njinga yamoto ya kabaza chaka chatha, nathyoka mkono pafupi ndi chigongono. Kuchipatala anawaika chikhakha kwa masabata 6. Atachichotsa anawauza kuti fupa lagwirana, koma mkono sudzawongoka wokha: ayenera kumabwera ku mafizo sabata iliyonse, ndi kumautambasula kunyumba m'mawa ndi madzulo. Iwo anapitako kawiri kokha. Nditawafunsa chifukwa chake anati: "Shehe, ndazisiya m'manja mwa Allah. Msilamu amapirira." Lero mkonowo unauma chopindika. Sangapalase bwato kapena kukoka khoka, ndipo mwana wawo wachisamba wasiya sukulu kuti azipita kunyanja m'malo mwawo.

Yankho lawo landisowetsa mtendere, chifukwa mawu amene anagwiritsa ntchito ndi omwewo amene timaphunzitsa tsiku ndi tsiku. Kodi chimene anachitacho ndi sabr, kapena ndi kutaya chinthu chimene anasungitsidwa?

Tiyambe ndi mmene Allah analengera thupi. Chikhakha chimagwira fupa kuti lisagwedezeke, koma pa nthawi yomweyo minofu yosagwira ntchito imafota, ndipo timinyewa tozungulira mfundo timakhwinyata. Chigongono ndi bondo zimauma msanga. Mankhwala ake ndiko kuyendetsa mfundoyo pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, motsogozedwa ndi wodziwa ntchitoyo. Ndipo miyezi ikapita zisanachitike, kuwongola kumavuta kwambiri. Lamulo limeneli analiika m'thupi ndi Mlengi mwini. Choncho wolinyalanyaza sanganene kuti wasankha Allah m'malo mwa achipatala, pakuti wakana njira imene Allah anaikamo machiritso.

Qur'an imatipatsa zitsanzo ziwiri zoyenera kuzilingalira. Mu Surah Swad, Mneneri Ayyub (AS), amene dzina lake limatchulidwa paliponse pokamba za kupirira, analamulidwa kumenya pansi ndi phazi lake, ndipo panatumphuka madzi osamba ndi akumwa. Mu Surah Maryam, mayi wofooka ndi ululu wa kubereka anauzidwa kugwedeza thunthu la mtengo wa tende kuti zipatso zimugwere. Allah akanatha kutulutsa madziwo ndi kugwetsa tendeyo popanda phazi kapena dzanja la munthu. Koma anafuna kuti kapolo wake achitepo kanthu, ngakhale kochepa. Nalonso phunziro la Mtumiki (SAW) kwa munthu wa ngamira uja, limene Imam Tirmidhi analilandira, ndi lomweli: kumanga chingwe ndi kuyedzamira kwa Allah zimayendera limodzi.

Asilamu akale anamvetsa zimenezi. Abul Qasim al-Zahrawi, sing'anga wa ku Cordoba amene anamwalira cha m'ma 1013, analemba buku la At-Tasrif la magawo 30, ndipo m'gawo lomaliza anafotokozamo kabwezeretsedwe ka mafupa othyoka ndi mfundo zoguluka. Kwa iye kufufuza machiritso sikunatsutsane ndi Qadar.

Komabe tisafulumire kuloza chala. Pali zifukwa zimene munthu amabisa kuseri kwa mawu a chipembedzo chifukwa kuzitchula kumachititsa manyazi. Mafizo amapweteka, ndipo phindu lake silioneka msanga. Ulendo wochokera kugombe kupita kuboma ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota umadya ndalama ya ufa, pamene wopezera banja chakudya ndiye wavulalayo. Akatswiri a ntchitoyi ndi ochepa m'dziko muno, ndipo malo odziwika monga Kachere ndi Beit CURE ali ku Blantyre. Munthu wosauka akalephera kupita chifukwa chosowa, Allah sam'senzetsa chimene sangathe. Pamenepo funso limatembenukira kwa ife. Timasonkha mwachangu pa maliro ndi pa sadaka. Nanga bwanji jamaa ya pamzikiti singasonkhe ndalama ya ulendo wa masabata 8 kuti m'bale asalumale? Kuzonda wodwala ndi ufulu wake pa ife, ndipo kuzonda kwabwino ndi kumene kumam'gwira dzanja pamene akuyesa kulitambasula.

Ena amasiya mafizo poopa kuti Swala yawo yaperewera, nadzikakamiza kugwada bondo lisanapole. Uku nakonso ndi kulakwira thupi. Imam Bukhari analandira kuti Mtumiki (SAW) atagwa pa hatchi n'kuvulala mbali ya kumanja, anaswali chokhala. Ndipo Swahaba Imran bin Husayn (RA) atadwala, analoledwa kuswali chokhala ngati sangaime, kapena chogonera m'mbali ngati sangakhale. Ngakhale pa wudhu, ma Ulama analongosola za kupaka madzi pamwamba pa chomangira bala. Shariya inapeputsa kuti wovulala achire bwino, osati kuti akhale choncho mpaka kalekale.

Tsono sabr yeniyeni ili kuti? Ili mwa mayi amene amapinda bondo lake kakhumi m'mawa uliwonse misozi ikulengeza, osadandaula za chikonzero cha Allah. Ili mwa msodzi amene amabwerera kuchipatala sabata yachisanu ngakhale sakuona kusintha. Ululu wokoka wa kutambasula ndi woyembekezeka. Koma ukakhala wolasa, kapena mfundo ikatupa ndi kutentha, auzeni achipatala, musangosiya mwakachetechete. Ndipo ngati munthu wachita zonse koma mkono osabwerera mwakale, pamenepo mtima wake ukhoza kugonjera Qadar popanda chodzitsutsa nacho.

Thupi ndi amanah, ndipo tidzafunsidwa mmene tinalisungira. Bambo aja ndinawayenderanso mwezi wathawu, ndipo tinagwirizana kuti akafunse ngati pali chimene chingathekebe. Allah awachize iwo ndi odwala athu onse, ndipo atipatse kupirira kwa anthu ochita khama. Ameen.