MPHINI ZA AMBUYA NDI TATUU YA MDZUKULU

Kuwerenga: Levitiko 19:26-28, Aroma 14:1-15



Nkhani imene ndifuna tiganizire pamodzi inachitika pa mpingo wina wa kumudzi, pakati pa Nyimba ndi Petauke, ndipo ine ndinalipo. Sinditchula mpingo wake kapena maina a anthu. Mtsikana wina amene anakulira pamaso pathu, amene tinamlangiza ndife tomwe, anapita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'sitolo. Amai ake atamwalira anabwera kumaliro, nabwereranso. Patapita chaka anadza kudzakhala ndi ambuya ake, ndipo Sabata loyamba anaima pamodzi ndi anzake a kwaya. Atakweza dzanja poimba tonse tinaona. Pa mkono wake, pansi pa chigongono, panali dzina la malemu amai ake lolembedwa ndi inki yolowa m'khungu, zija achinyamata amati tatuu.

Mapemphero asanathe nkhaniyo inali itayenda kale mabenchi onse a azimai. Ena anati mwanayu achoke mu kwaya, pakuti Levitiko akana. Ena anati za usatana zimayamba chonchi. Koma ena, makamaka azimai achitsikana, anati thupi ndi lake, mlekeni. Ine ndivomere pamaso panu kuti ndinali mbali ya oweruza. Ndinanong'oneza mnzanga kuti Lusaka watibwezera mwana wina, ndipo mawu anga sanagone pa benchi pomwepo, anakafika kwa mwini wake.

Pa msonkhano wa Chigwirizano nkhaniyi inabukanso. Ambuya ake a mtsikanayo, nkhalamba ya zaka zoposa 80, anangokhala chete mpaka tonse titatha. Kenaka anaimirira ndi ndodo yao, nakankhira duku kumbuyo pang'ono, natiloza pamphumi ndi m'masaya mwao. Anati, "Ana anga, onani apa. Mphinizi ananditema ndili namwali. Abusa amene anandibatiza anaziona, ndipo madzi anatsikira pomwepa. Ngati mdzukulu wanga achoka mu kwaya chifukwa cha mkono wake, yambani mwandivula ine yunifolomuyi." Panalibe anayankha. Akulu anati anyani amasekana zikundu, ndipo tsiku limenelo mwambiwu unatigwira tonse.

Tisaiwale kumene tachokera, azimai anzanga. Uthenga unafika ku Magwero mu 1899, ku Nyanje mu 1905, ku Hofmeyr mu 1914, ndipo pambuyo pake ku Merwe. Azimai a Chinsenga amene anayamba kulowa kalasi m'malo amenewa sanali a khungu losalala ngati ife. Ambiri anali ndi mphini, zimene kuno timatinso nembo, pankhope, pachifuwa, pamimba ndi pamsana. Zina zinali za kukongola chabe, zina za mtundu, zina za m'nyumba zimene alangizi amadziwa. Mphini sifufutika ndi sopo. Analowa nazo mu mpingo, anadya nazo Mgonero, ndipo anaikidwa nazo m'manda ali Akhristu. Ife ndife zidzukulu zao.

Tsono Levitiko 19:28 tichite nayo bwanji? Sitingaidumphe, ndi Mawu a Mulungu. Koma tiwerenge ndime yonse, osati mzere umodzi umene watikomera. Vesi 26 iletsa nyanga ndi maula. Vesi 27 iletsa mametedwe ena a tsitsi ndi ndevu. Vesi 28 iletsa kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Vesi 31 iletsa kupita kwa obwebweta. Mulungu anali kupatula Israeli kwa mitundu yomuzungulira, imene inali kudzicheka polira maliro ndi popembedza milungu yao. Kumbukirani aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, mu 1 Mafumu 18, amene anadzitema mpaka mwazi kuchucha kuti mulungu wao awamve. Ndiponso m'chaputala chomwecho cha Levitiko, vesi 19 iletsa kubzala mbeu ziwiri m'munda umodzi ndi kuvala chovala cha nsalu za mitundu iwiri. Ndani mwa ife sabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi? Palibe bwalo la mpingo limene linaitana munthu chifukwa cha maungu. Chivomerezo cha Belgic, chimene mipingo ya Reformed igwiritsa kuyambira 1561, chiphunzitsa pa mutu 25 kuti miyambo ndi zithunzi za chilamulo zinatha pakubwera kwa Khristu, koma choonadi chake chikhalabe mwa Iye. Choonadi cha vesi 28 ndi ichi: munthu wa Mulungu asaike pathupi pake chizindikiro chosonyeza kuti ali wa mwini wina.

Apa ndi pamene nkhani ya mtsikana uja inandivuta ine, pakuti dzina limene analemba ndi la wakufa. Kodi si chomwecho chimene vesiyi ikana? Ndinaganiza masiku ambiri. Koma ifenso timalemba maina a akufa athu pa miyala ya kumanda, timasindikiza nkhope zao pa malaya ovala tsiku la maliro, timatcha makanda maina ao. Kukumbukira wakufa si tchimo. Tchimo ndi kumpembedza, kumuopa, kumpempha chitetezo, kapena kulira monga anthu opanda chiyembekezo, zimene Paulo achenjeza pa 1 Atesalonika 4:13. Ndipo chimene chili mumtima mwa mwana, kaya ndi kukumbukira kaya ndi kupembedza, sungachidziwe poyang'ana mkono wake uli pa benchi yachitatu. Uyenera kupita kukamfunsa. Ife sitinapite.

Tsopano mundilole ndilowe kumene kuli kowawa. Pali mphini zina zimene ife azimai a yunifolomu sitikamba, chifukwa bulauzi imazibisa bwino. Ndinena mphini za kwa ng'anga. Mwana akadwaladwala, timam'tengera usiku kukam'tema pachifuwa ndi kupakamo mankhwala akuda. Bambo akayamba kuchedwa kubwera kunyumba, mai atemetsa m'chiuno kuti chikondi chibwerere. Wina atemetsa kuti malonda ake a nthochi pa msewu wa Great East ayende kuposa a mnzake, wina kuti mfiti zikabwera zimuone ngati chitsa. Lachisanu kwa ng'anga, Lamulungu patsogolo pa guwa. Katekisima wa Heidelberg pa funso 95 atiuza kuti kupembedza mafano ndiko kukhala ndi chinthu china chimene uikapo chikhulupiriro chako m'malo mwa Mulungu, kapena pambali pa Iye. Mvetsani bwino mawu akuti pambali. Sitimutaya Yesu ayi, timangomuikira wothandizana naye. Ngati pali mphini zimene Levitiko 19 iloza ndi chala lero, ndi zimenezi, chifukwa zili pakati pa nyanga za vesi 26 ndi obwebweta a vesi 31. Ndipo ndikhulupirira kuti ena amene tinakweza mawu pa za mkono wa mwana uja tinali nazo pansi pa malaya.

Wina adzati, nanga thupi si kachisi wa Mzimu Woyera? Inde, 1 Akorinto 6:19 itero, ngakhale Paulo pamenepo akamba za dama. Koma vesiyi idula mbali zonse ziwiri. Kwa ife oweruza ikuti thupi la mlongo wako si lako. Kwa achitsikana amene akuti thupi ndi langa, ndichita chimene ndifuna, ikuti ayi, si lako, linagulidwa ndi mtengo. Funso loyamba lenileni la katekisima, limene tinaloweza tili m'kalasi, litikumbutsa kuti thupi ndi mzimu womwe tili ake a Yesu Khristu. Chotero Mkhristu asanapite kukadindidwa adzifunse ngati Mwini thupi akondwera ndi chimene chilembedwepo, ndi chifukwa chimene achilembera. Kuli Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt amene amadinda kamtanda kakang'ono padzanja, kusonyeza kuti ndi a Khristu m'dziko limene Akhristu ndi ochepa. Kulinso anthu amene amadinda zigaza, njoka ndi zolaula. Singano ndi imodzi, koma mitima ndi yosiyana.

Mukandifunsa ine, mwana wanga sindingamlangize kutero. Chinthu chosafufutika chifuna kudekha, ndipo mtima wa zaka 19 suli mtima wa zaka 40. Taona atsikana atalemba dzina la mnyamata amene lero ali ndi mkazi wina ku Chipata. Palinso za umoyo. Singano kapena lezala imodzi yogwiritsa anthu angapo itha kupatsira kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo zimenezi n'chimodzimodzi kwa wodinda wa m'tauni ndi kwa ng'anga ya kumudzi. Izi tiwauze ana athu poyera, asanachite. Koma kulangiza mwana asanachite ndi kwina, kum'pitikitsa m'nyumba ya Atate wake atachita kale ndi kwinanso.

Ku Roma Akhristu anasiyana maganizo pa zakudya ndi pa masiku. Paulo sanawakakamize kuti onse aganize chimodzi. Anauza wakudya kuti asapeputse wosadya, ndi wosadya kuti asaweruze wakudya, pakuti Mulungu anamlandira. Anafunsa kuti ndiwe yani woweruza wantchito wa mwini wake. Koma anachenjezanso omasuka kuti asaononge ndi ufulu wao mbale amene Khristu anamfera. Chotero mtsikana wa tatuu asanyoze nkhalamba imene ikhumudwa nayo, ndipo ife tisatseke khomo limene Ambuye sanatseke. Pa mpingo pathu tingathe kukhala pa mphasa imodzi, wina akuti n'zosayenera, wina akuti zilibe kanthu, ndi kudya mkate umodzi.

Mtsikana uja sanachotsedwe mu kwaya, anachoka yekha. Anayamba kukhala kumbuyo kwenikweni, atavala juzi ya manja aatali m'kutentha kwa Okutobala. Juzi imeneyo ndi imene inanditsutsa. Ndinapita kwao ndipo ndinampeza akusenda nshawa pakhonde. Ndinapepesa chifukwa cha mawu anga, kenaka ndinamfunsa chimene ndikanamfunsa poyamba. Anati zithunzi zonse za amai ake zinali m'foni, ndipo foniyo inabedwa mu minibasi ku Lusaka. Anayamba kuopa kuti aiwala nkhope yao. Ndinafunsa ngati amalankhula nao kapena kuwapempha kanthu. Anandiyang'ana modabwa nati, "Iyai amama, amai ali kwa Yesu. Ine ndimangowasowa."

Pamene ndilemba izi sanabwerere ku kwaya, ngakhale juzi anavula. Tagwirizana kuti azimai awiri amene anali mabwenzi a malemu amai ake azipita kukacheza naye, ndipo wina wapeza chithunzi chakale cha pa msonkhano wa Chigwirizano pamene malemuwo aimirira mzere wachiwiri. Tikam'patsa sabata ya mawa.