Kusowa Masiku Amene Tinkasowa

M'Chichewa muli liwu limodzi logwira ntchito ziwiri: kusowa. Munthu akakuuza kuti "ndakusowa", ndiye kuti mtima wake ukukufuna. Akati "ndikusowa", ndiye kuti alibe, m'thumba mwauma. Ife okonda magemu akale mawu awiriwa amatikumanira pamalo amodzi. Wina akangotulutsa chithunzi cha katiriji yachikasu ija, kapena cha Nokia 3310 ili ndi kanjoka kake, tonse timayamba kupumira m'mwamba: eeh, masiku amenewo! Koma masiku amenewo ndi omwe aja tinalibe magetsi, tinalibe ndalama, ndipo padi imodzi tinkaidikirira anthu 10.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi n'chilungamo kusowa masiku amene tinkasowa? Kapena tikungopaka utoto umphawi chifukwa choti tinaupulumuka?

Tiyambe ndi zimene tinali nazo. Ife amene tinakulira ku Mlare, pamsewu wa M1 kummwera kwa boma la Karonga, dzina loti Nintendo sitinkalitchula. Tinkangoti gemu ya pa TV. Makina ake enieni, otchedwa Famicom, anatuluka ku Japan mu 1983, ndipo Super Mario Bros. inabwera mu 1985. Kwa ambiri a ife zinafika patapita zaka 15 kapena kuposerapo. Pamene ana a ku Tokyo ndi London ankatsegula makatoni a PlayStation 2, yomwe inatuluka mu 2000, ife tinali kuponda akamba a Mario pa ka TV ka black and white kolumikiza ku batire ya galimoto. Batire ikayamba kufooka, chithunzi chinkafota pang'onopang'ono, ife n'kumasendera pafupi ngati kuti maso athu awonjezera moto. M'kachipindamo munkamveka Chitumbuka, Kyangonde, pena Chichewa, koma Game Over aliyense ankaimva popanda womasulira.

Komanso makina athuwo sanali a Nintendo ayi. Anali feki, opangidwa ku Asia motengera enieniwo, ndipo ankafika limodzi ndi mawailesi, matochi ndi zitenje, monga umafikira katundu wambiri wa ku Karonga: kudzera pa Songwe kuchokera ku Tanzania. Amene anakhetsa thukuta kupanga magemuwo sanalandire ngakhale tambala kuchokera kwa ife. Iyi ndi nkhani ya chilungamo payokha, ngakhale ndi zoonanso kuti Nintendo inalibe shopu ku Karonga yoti mwana akagule chenicheni. Chimene sindingavomereze n'choti chisangalalo chathu chinalinso feki. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mtima unkagundadi, m'manja munkatulukadi thukuta.

Bodza lenileni linali pa katiriji. Pamwamba ankalemba kuti 9999 in 1, koma ukatsika mndandanda unkapeza kuti magemu ndi ochepa chabe, ongobwerezabwereza. Mario yemweyo wayambira pa levulo ina, kapena asintha mtundu wa thambo, basi ampatsa nambala yatsopano. Ndikaganizira bwino, chikumbukiro cha munthu chimagwira ntchito ngati katiriji imeneyi. Chimatiuza kuti tinali ndi masiku 9999 osangalala, chonsecho ndi masana angapo okha amene timangowaseweranso m'mutu. Masiku amene batire inali isanatchajidwe, amene bambo ake a mwini gemu analetsa ati imaononga TV, amene unayenda mtunda wonse n'kubwerera osagwirako padi, onsewo pa mndandanda palibe.

Vuto limeneli si lathu lokha. Mu 1688, Johannes Hofer, wophunzira za udokotala ku Basel, ndi amene anapanga liwu limene Azungu amatchulira kupukwa kwa mtunduwu, loti nostalgia, polumikiza mawu awiri a Chigiriki: kubwerera kwanu ndi ululu. Iye ankaona kuti ndi matenda enieni, ogwira anthu a ku Switzerland akakhala kutali ndi kwawo. Lero sitikunenanso kuti ndi matenda, koma chizindikiro chimodzi cha matenda chidakalipo: wodwalayo saona bwino.

Saona amene sanalowe m'kachipinda kaja. Tanenani zoona, anyamata anzanga: alongo athu anali kuti nthawi imene ife tinkapulumutsa mwana wamkazi wa mfumu m'nyumba ya Bowser? Anali kumjigo, anali kukhitchini, ena atabereka mwana kumsana. Nanga mnzathu uja ankatandalira kumunda wa mpunga kupirikitsa mbalame, kapena kunyanja kuthandiza kuyanika usipa? Nanga uja analibe kandalama kolowera, n'kumasuzumira pazenera mpaka khosi kuwawa? Ndipo mwini gemu anali ngati mwini mpira: amene wamukwiyitsa kusukulu, madzulo padi saiona. Tikamati "ubwana wathu unali wokoma", mawu oti "wathu" amenewo ndi aang'ono kuposa mmene timaganizira.

Wina anena kuti: aise, zisiye, ndi zokumbukira chabe, zikupweteka ndani? Zimapweteka zikasanduka ndodo yokwapulira ang'ono athu, tikayamba kuyankhula ngati madala apabawo kuti ana a masiku ano sadziwa gemu yeniyeni. Zimapwetekanso zikatiphunzitsa kuti kusowa kunali dalitso. Kawafunseni amayi anu ngati amaisowa koloboyi. Akuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Amene amatamanda umphawi nthawi zambiri ndi amene anautuluka.

Kodi ndiye kuti magemu akale analibe chawochawo? Anali nacho. Super Mario Bros. yonse, malevulo 32, inakwana m'makilobaiti 40 okha, pamene chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yanu chimaposa pamenepo kambirimbiri. Popeza malo anali ochepa chotere, Shigeru Miyamoto ndi anzake anakonza levulo yoyamba kuti ikuphunzitse yokha popanda mawu. Kachilombo koyamba kakakugunda, wadziwa kuti uyenera kudumpha. Ukagunda bokosi ndi mutu, bowa watuluka, wakukhudza, wakula. Kwa mwana wa ku Mlare amene Chingerezi chake chinkathera pa moni, ichi chinali chifundo chachikulu. Tetris ya Alexey Pajitnov, yochokera ku Moscow m'zaka za m'ma 1980, yomwe ife tinaidziwira pa Brick Game, inalibenso chiyankhulo. Snake nayo chimodzimodzi.

Koma tisawapatse ungelo opanga magemu akale. Contra inayamba mu 1987 ngati gemu ya m'makina oponyamo makobidi, ndipo magemu a m'makina otere ankawalimbitsa dala kuti ufe msanga, uponyenso kobidi lina. Dyera silinabwere ndi foni.

Ndiye chimene timachisowa kwenikweni n'chiyani? Ine ndikuti ndi lamulo limodzi losalembedwa, limene mwana aliyense wa m'kachipinda kaja ankalidziwa: ukafa, pereka padi.

Taganizirani zimene lamulo limeneli linkachita. Unali ndi miyoyo itatu, ndipo panalibe zosunga pamene wafika kuti udzapitirize mawa. Ukagwera m'dzenje, unkagwa anthu onse akuona, akuseka, ndipo imfa yako inali mwayi wa mnzako. Unkaphunzira kuluza pagulu osalira. Unkaphunzira kudikira. Unkaphunziranso poonerera, moti mwana amene wagwira padi kwa mphindi zitatu zokha ankadziwa pobisika bowa aliyense chifukwa maso ake anasewera masana onse. Zinali ngati bawo: osewera ndi awiri, koma gemu ndi ya onse ozungulira, aliyense akupereka nzeru zosapemphedwa.

Magemu ena ankaphunzitsa zimenezi m'kati mwenimweni. Mu Contra muli levulo yokwera mathithi. Mukamasewera awiri, iwe n'kuthamanga kukwera wekha, sikirini imakutsatira ndipo mnzako wotsalira pansi amafa. Kudziwa gemu kokha sikunkakwanira, unkayenera kuyenda pa liwiro la mnzako. Mu gemu yomweyo, amene miyoyo yamuthera ankatha kutenga moyo umodzi wa mnzake pongodina batani. Kutenga osapempha kunali kuba, ndipo maubwenzi ankagwedezeka pa nkhani imeneyi. Mu Battle City ya Namco, yomwe ambiri tinkaidziwa ngati Tank 1990, awiri munkateteza chiwombankhanga chimodzi. Wina akatengeka ndi kuwombera adani n'kuiwala kumudzi, kapena akachiwombera yekha mwangozi, nonse mwaluza. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu: mwambi umenewu ena tinaumvetsa tili ndi padi m'manja tisanaumve m'kalasi.

Tsopano yang'anani mmene zilili lero. Aliyense ali ndi sikirini yakeyake m'thumba. Mu Candy Crush Saga, yomwe inatuluka mu 2012, miyoyo isanu ikatha umadikira, kupempha kwa anzako, kapena kulipira. Nanga Aviator, kandege kamene kakudya ndalama za achinyamata ambiri, kamene ena amakatchulabe kuti gemu? Kale ukafa unkapereka padi kwa mnzako. Lero ukafa nthawi zambiri umapereka ndalama kwa kampani, uli wekha, usiku, wopanda wokuseka komanso wopanda wokuuza kuti basi aise, zakwana.

Apanso tisapotoze. Foni yatsegula khomo limene kale linali lotseka. Mtsikana amene sankaloledwa m'kachipinda kaja lero akhoza kusewera osapempha chilolezo kwa mwini gemu. Mnyamata wa ku Mlare akhoza kumenya eFootball ndi mkulu wake amene ali ku Johannesburg, bola bandulo ndi netiweki zilole. Ndipo m'timashopu ta PlayStation m'matauni athu lamulo lakale lija likadali moyo: woluza amadzuka, wina akhalepo. Amene akuti zonse zabwino zinatha sakuyang'ana bwino.

Apa ndiye pali fupa la nkhaniyi. Kodi kugawana kwathu kuja kunali khalidwe labwino, kapena tinkangokakamizika? Zoona zake, tinkapereka padi chifukwa tikanakana akanatilanda, kapena mawa sakanatilowetsa. Aliyense wa ife akanapatsidwa TV yake ndi chipinda chake, bwenzi atakhoma chitseko. Akuluakulu anati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Kupatsa kokakamizidwa sikunafike pokhala ufulu wa mtima.

Komabe sikunali kwachabe. Aristotle anaphunzitsa kuti munthu amakhala wachilungamo pochita zachilungamo mobwerezabwereza, mpaka chizolowezi chisanduke khalidwe. Kusowa kunatikhazika m'kalasi imene sitinasankhe, n'kutibwerezetsa phunziro limodzi kambirimbiri: dikira, pereka, usamusiye mnzako pansi pa mathithi. Koma kalasi si mayeso. Mayeso ndi lero, pamene foni ndi yako, unagula ndi ndalama zako, ndipo palibe angakulande. Ngati phunziro lija linalowadi, lionekera pano. Ngati silikuoneka, ndiye kuti chimene timachisowa si kugawana ayi, koma ubwana wathu basi, mawondo osaphwanya ndi masana opanda ngongole.

Ubwanawo sudzabwera. Mfuti ija ya Duck Hunt, yowombera abakha galu n'kumakuseka, imagwira pa ma TV akale achimbuyo okha. Pa ma TV opyapyala a lero ngakhale uloze bwanji, bakha sagwa. Mukhoza kuika magemu onse a pa katiriji yachikasu mufoni yanu lero lomwe, ndipo malo amene angatenge simungawaone n'komwe. Koma tayesani kusewera nokha pabedi: pakatha mphindi 10 mupeza kuti Mario ndi yemweyo, nyimbo ndi yomweyo, koma chinachake palibe. Madzi akatayika saoleka.

Yankho langa ndiye ndi ili. Kusowa masiku aja si tchimo, koma kuli ndi malamulo ake awiri. Loyamba, tikumbukire zonse, osati zokoma zokha: pazenera panali anthu, kumjigo kunali anthu, ndipo umphawi sunali mnzathu. Lachiwiri, chabwino chimene tinatolako tisachisunge m'chithunzi chongotumizirana pa WhatsApp, tichigwiritse ntchito. Kupukwa kumene kumathera pa kupumira m'mwamba ndi kudzikonda kovala zovala zakale.

Ngati muli ndi Mario kapena Contra mufoni, madzulo ano itanani mng'ono wanu, mwana wa achimwene, makamaka mlongo wanu uja sanagwirepo padi nthawi imene ija. Musamuuze kuti kale zinali bwino, zimenezo sizikumukhudza. Muuzeni lamulo lokha: miyoyo itatu aliyense, wafa apereke. Ndipo ikafika nthawi yanu yofa, foni ili yanu, tchaji chili chanu, bandulo ili yanu, perekani.