PHUNZIRO LA SITIMA YA VIPYA M'MWEZI WA RAMADHANI

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu okhala m'mbali mwa nyanja! Ife a ku Mwanza tili kutali ndi madzi, koma nsomba imene timadya pa futari imachokera m'manja mwanu, nchifukwa chake moyo wanu utikhudza.

Pa 30 July 1946, pamene mwezi wa Ramadhani wa chaka cha 1365 unali kuyamba kumene, sitima ya Vipya, yonyamula anthu ndi katundu, inanyamuka pa Mbamba Bay kuoloka nyanja. Mphepo yamkuntho inaipeza pafupi ndi Florence Bay, kumene lero timati Chitimba, ndipo inagudubuzika nimira. Anthu 145 anatha tsiku limenelo. Sitimayo inali yatsopano, yachitsulo, paulendo wake wachinayi chabe. Chikumbutso chake chili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Kodi ndi angati a ife amene timaima pamenepo ndi kuganizira?

Choyamba, m'bale wanga, dziwa kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anawerengera womira m'madzi m'gulu la mashahidi. Hadisi imeneyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Tsono iwe mayi amene mwamuna wako anatsala m'nyanja, usamvere zonena anthu kuti anamwalira imfa yoipa. Ngakhale thupi silinaoneke, kwa ife a Shafi swala ya jeneza ikhoza kuswalidwa mtembo palibe, monga Mtumiki anaswalira Najashi, mfumu ya ku Habasha.

Chachiwiri, kuyedzamira kwa Allah sikutanthauza kutaya nzeru. Mtumiki anauza munthu wina kuti ayambe wamanga ngamira yake, kenaka adalire Mulungu. Mwera ukamaomba, iwe nudzaza bwato ndi matumba mpaka madzi kufika m'milomo, nunena kuti "zonse ndi Mulungu", kumeneko si tawakkul ai, koma kusewera ndi miyoyo ya ana a eni. Mwini bwato adzafunsidwa pa tsiku la Kiyama za munthu aliyense amene anamukweza. Ndalama ya zovala za Idi isakukankhire m'madzi nyanja itakwiya. Ndipo amene ali paulendo wautali aloledwa kumasula funga, nadzabweza masikuwo pambuyo pake.

Chachitatu, akufa tiwakumbukire ndi ntchito. Pa nthawi ya futari duwa ya wofunga sibwezedwa: atchuleni maina abale anu amene anamira, muwapemphere chikhululuko. Perekani sadaka m'malo mwao, lipirani ngongole zao, ndipo Zakatul Fitr yanu ifike pakhomo la mkazi wamasiye ndi ana ake swala ya Idi isanachitike.

Allah amene anapulumutsa Nuhu m'chombo, natulutsa Yunusu m'mimba mwa nsomba, asunge onse oyenda pamadzi, akhululukire amene anatsogola, ndipo alandire funga yathu. Amin.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.