Fulu, Kalulu ndi Lipoti la Mwezi

Padangokhala. Tili tonse.

Kudera la Mfumu Njovu kunali alangizi a zaumoyo awiri, Fulu ndi Kalulu. Fulu ankayenda ndi kaundula wa pepala, Kalulu anali ndi foni yomwe anapatsidwa kuchipatala.

Dzinja lina matenda otsegula m'mimba anabuka. Fulu ankalowa khomo ndi khomo, kutsina khungu la pamimba pa mwana kuti aone ngati madzi atha m'thupi, kuyang'ana chimbudzi ndi mtsuko wa madzi akumwa, kenako n'kulemba. Koma lipoti lake linkadikira kutha kwa mwezi. Tsiku lopita nalo mtsinje unadzaza, mapepala ananyowa, inki n'kufufutika.

Kalulu sankafuna matope. Ankakhala pamsika, foni ili pa tchaja, n'kumangobwereza manambala a mwezi wapitawo. Lipoti lake linkafika tsiku lomwelo.

Akuchipatala ataona manambala a Kalulu anati, "Kumeneko kuli bwino." Sanatumize thanzi, zinki, ngakhale kulorini wothira m'madzi. Ana anafooka, ndipo mwana wa Gwape anafika kuchipatala ali pamachira.

Mfumu Njovu inaitanitsa bwalo.

"Inu a Fulu, munaona chiyani?"

"Zikomo mfumu, ndinaona zonse, koma mtsinje unandilanda."

"Nanga inu a Kalulu?"

Kalulu anazyolika. "Pepani mfumu, m'makomo sindinafike."

Njovu inapukusa mutu. "Wina anali ndi choonadi koma chinafika mochedwa, wina anafulumira atanyamula bodza. Kuyambira mawa muziyendera limodzi."

Anaterodi. Fulu ankayeza ndi kufunsa, Kalulu n'kumalowetsa mufoni pakhonde pomwepo, mayi wa mwana akumva. Foni inkawatsutsa akadumpha funso, ndipo inkasunga zonse kumalo kopanda netiweki. Madzulo ankakwera pachulu n'kutumiza. Batire ikatha, ankalemba m'kaundula, n'kudzalowetsa mawa lake. Sabata isanathe, njinga yamoto inabweretsa mankhwala, ana n'kuyamba kuchira.

Phunziro lake ndi ili: foni imafulumizitsa uthenga, pepala limagwira ntchito ngakhale magetsi kulibe, koma zonse ziwiri zimanyamula chimene munthu waikamo. Mlangizi ayambe wafika pakhomo ndi kumuona mwanayo ndi maso ake, chifukwa nambala iliyonse imene atumiza ndi imene idzabweretse mankhwala kapena kuwatsekereza.

Nthano yathera pomwepa.