Musathawe Masamu, Ana Anga

Ana anga a ku Mtandire, ndili ndi nkhawa. Mukafika Fomu 3 mukumathawa Physics ndi Chemistry, masamu mukungowalemba chifukwa chokakamizidwa, mukuti bola mapointi a MSCE atsike. Musatero. M'mera mpoyamba. Amene amasankha anthu oti akachite PhD ya sayansi kapena uinjiniya amayang'ananso masamu, ndipo masamu amene mwawataya muli ndi zaka 16 sadzatoleka muli ndi 30.

Njira yake ndi yaitali, muidziwe lero. Pamafunika makirediti 6 a MSCE, Chingelezi chili momwemo. Kenako digiri yoyamba, kaya ku MUBAS, ku MUST ku Thyolo, ku Bunda kapena ku UNIMA ku Zomba, yokhoza bwino osati yongopulumukira. Kenako masters. Mapepala onsewo amangokufikitsani pakhomo. Akakutsegulirani amafunsa: kodi iwe ukufuna kufufuza chiyani?

Apa ndiye mukundidandaulitsa. Mafunso ali pakhomo panu, koma mukuwapondaponda. Mtsinje wa Lingadzi ukasefukira n'kulowa m'nyumba za kumunsi, mumangojambula pa foni. Funsani chifukwa chake madzi akubwera mwaukali chotere, mchenga ukukumbidwa pati, njerwa zikuumbidwa pati. Chitsime chimene chili pafupi ndi chimbudzi, madzi ake ali ndi chiyani? Kolera ya 2022 ndi 2023 inatipweteka tonse. Zolowerani kuyeza, kulemba tsiku ndi nambala mu kope, n'kubwerezanso mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo PhD imadya zaka zitatu kapena zinayi pa funso limodzi.

Bandulo ya intaneti musaithere pa TikTok ndi kubetcha mpira. Python ndi R, zimene ofufuza amasanthulira manambala, n'zaulere. Ziphunzireni. Lembani Chingelezi tsiku lililonse, chifukwa pempho la kafukufuku lolembedwa mosokonekera saliwerenga mpaka kumapeto, ndipo mayunivesite ambiri akunja adzafuna mayeso a IELTS.

Inu amene muli kale ku koleji, projekiti ya chaka chomaliza musailembetse kwa wina. Musakopere. Musaphike manambala mutakhala pansi pa mtengo. Aphunzitsi amene akukuonaniwo ndi amene adzakulembereni makalata a umboni, awiri kapena atatu, ndipo sangaikire kumbuyo munthu amene sanamuonepo mu labu. Pitani kwa iwo, pemphani kuthandiza nawo ntchito, ngakhale kutsuka mabotolo.

Atsikana, izi ndikunena ndi inunso. Wina asakunamizeni kuti uinjiniya ndi wa anyamata.

Za ndalama musafulumire kutaya mtima. Commonwealth Scholarship ya ku Britain ndi DAAD ya ku Germany zimalipirira Amalawi maphunziro a PhD, ndipo ku Blantyre Malawi-Liverpool-Wellcome imaphunzitsa ofufuza za umoyo. Tsiku lotseka likadutsa samvera madando. Konzani pasipoti ndi mapepala a magiredi anu nthawi ikadalipo.