Mwini Nyimbo Ndani?

Kumapeto kwa mwezi, anthu apantchito akalandira malipiro awo, makoma a sitolo ndi mitengo ya m'mbali mwa misewu ya ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri imamatidwa mapepala olengeza kuti gulu lakutilakuti la oimba lidzasangalatsa anthu pamalo akutiakuti. Tsiku likakwana anthu amakhamukirako, kulipira pakhomo ndi kuyamba kudikira. Oimba akangoimba nyimbo ziwiri kapena zitatu, m'kati mwa khamu muja mumatuluka mawu otchula dzina la nyimbo ina imene sinaimbidwe. Amayamba ndi munthu mmodzi, kenaka anthu khumi, mapeto ake bwalo lonse lili kufuula dzina lomwelo. Pamenepo n'kuti woimba atakonza kale mndandanda wa nyimbo za usikuwo, ndipo mwina imene ikufunidwayo mulibemo. Kodi woimbayo ali ndi ngongole kwa anthuwo yoti aibweze poimba chimene apempha, kapena ali ndi ufulu wotseka makutu ndi kupitiriza zimene anakonza? Funsoli limaoneka lachibwana, koma m'kati mwake mwabisala funso lina lalikulu, lakuti mwini wake wa nyimbo ndani.

Malamulo a dziko ali nalo yankho lachidule. Lamulo loteteza ntchito zaluso la m'chaka cha 1989, pamodzi ndi lina limene linalowa m'malo mwake mu 2016, limati mwini nyimbo ndi amene anaipeka. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito yake mu 1992, limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu ndi kumalo a zisangalalo n'kumagawira eni nyimbowo. Koma lamulo limanena za ndalama ndi za kukopera ntchito ya munthu wina. Silinena kanthu za mtima wa munthu amene wakhala ndi nyimbo ina yake zaka makumi awiri.

Ndipo anthu otere ndiwo amadzaza bwalo. Pali mnyamata wogulitsa kaunjika mumsika wa Limbe amene wadzimana sabata zingapo kuti apeze ndalama ya pakhomo ndi ya minibasi ziwiri zomuchotsa ku Bangwe. Pali bambo wogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata amene nyimbo ija inaimbidwa pa ukwati wake. Pali mayi amene mchimwene wake ankaikonda nyimbo yomweyo asanatsikire kulichete. Kwa anthu amenewa nyimboyo si katundu wa m'sitolo ayi. Inalowa m'moyo mwawo, inagona nawo ndi njala, inawatonthoza pa maliro. Woimba anaipeka masiku owerengeka, koma iwo aisunga zaka zambiri, ndipo nthawi zina amadziwa mawu ake bwino kuposa mwini wake. Munthu wotere akafuula dzina la nyimboyo sakuchita mwano. Ali ngati munthu amene wapita kukacheza kwa mnansi wake nafunsa za mwana amene anamulera nawo.

Khalidwe limeneli silinayambe ndi magitala a magetsi. Anthu amene anamanga nyumba m'tsinde mwa phiri la Ndirande, la Soche ndi la Michiru anachokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu, ku Ntcheu ndi kwina, kumene gule alibe oonerera enieni. Pa chimtali, pa tchopa ngakhale pa manganje, wotsogolera amaponya nyimbo ndipo ena amailandira. Olandirawo akapanda kuikonda, nyimboyo imafera m'kamwa mwa woiponya, wina n'kuyambitsa ina. Motero anthu anazolowera kuyambira kale kuti ali ndi mbali posankha chimene chiimbidwe. Wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa mu 1964, inalimbikitsa chizolowezi chomwechi kupyolera m'mapologalamu monga Zokonda Amayi, m'mene omvera ankatumiza makalata opereka moni kwa abale ndi abwenzi ndi kuwasangalatsa ndi nyimbo. Amene anakulira m'mwambo wotere sangakhale duu pampando ngati ali pa mlandu.

Palinso china chimene achinyamata a lero sangachiganizire msanga. Inalipo nthawi imene kutchula dzina la nyimbo pagulu kunali kuika moyo pachiswe. Lamulo la m'chaka cha 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu zounika ndi kuletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Ngakhale nyimbo yachikondi ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa m'dziko muno, chifukwa dzinalo linkafanana ndi la Mama Cecilia Kadzamira. Riferendamu ya pa 14 June 1993 itatsegula pakamwa pa anthu, oimba monga Lucius Banda wa ku Balaka anayamba kutchula poyera mabala amene anthu ankangolira nawo chamumtima, ndipo khamu linkapempha nyimbo zoterozo mosayang'ana kumbuyo. Choncho phokoso la opempha nyimbo, ngakhale limasokosa, ndi chimodzi mwa zipatso za ufulu umene anthu ena anauvutikira.

Komatu woimba nayenso ndi munthu, si wailesi yoti wina n'kumaipotokola m'mene wafunira. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Woimba amene wakhala miyezi akusula nyimbo zatsopano amafuna kuti zimveke, ndipo malo oziyesera ndi pamaso pa anthu omwewo. Nyimbo iliyonse imene lero ikufuulidwa inali yachilendo tsiku lina, ndipo inafika pokondedwa chifukwa anthu a tsiku limenelo anaipatsa makutu. Khamu limene limakana kumva chatsopano likudzimana lokha nyimbo zimene likadadzazipempha mawa. Pali ndi vuto lina la ntchito yeniyeniyo. Gulu la oimba limasintha anthu kawirikawiri. Woimba ng'oma kapena gitala wa besi amene analipo pojambula chimbale chakale mwina anachoka, ndipo amene alipo sanaikonzekere nyimboyo. Akaikakamira n'kuiwononga, omwe aja ankaipempha ndiwo amakhala oyamba kukuwiza.

Nkhani imeneyi si ya kuno kokha. Gulu la nyimbo za rock la ku England lotchedwa Radiohead linatchuka ndi nyimbo yotchedwa Creep imene inatuluka mu 1992, koma anthu ataiumirira kwambiri linatopa nayo, ndipo kwa zaka zingapo linaleka kuiimba pamaso pa anthu. Ku America kuli chizolowezi chofuula dzina la nyimbo yotchedwa Free Bird, ya gulu la Lynyrd Skynyrd, ngakhale pansanja pali oimba ena amene nyimboyo si yawo konse. Kumeneko pempho linasanduka nthabwala, ndipo wofuulayo safunanso nyimbo. Amangofuna kuti amveke iyeyo.

Kumene funsoli limalemera kwenikweni ndi pa gulu la Black Missionaries la ku Chileka, limene anthu a m'makwalala a Blantyre amangoliti Mablakisi. Amene analiyambitsa, Evison Matafale, anamwalira mu November 2001 ali m'manja mwa apolisi. Musamude Fumulani, amene anatenga utsogoleri, anamwalira mu 2007, ndipo mbale wake Gift Fumulani anatsatira mu 2008. Otsala, motsogozedwa ndi Anjiru Fumulani, anapitiriza ntchito natulutsa zimbale zambiri pansi pa dzina lomwe lija la Kuimba. Komabe kulikonse kumene gululi laimba, anthu salephera kupempha nyimbo za malemuwo. Kwa wopempha, kumeneko ndi kukumbukira ngwazi. Kwa woimba, amene akutchulidwawo ndi abale a magazi amodzi, anthu amene ankadya nawo m'mbale imodzi. Usiku uliwonse wa ntchito amafunsidwa kuti abwereke mawu a womwalira ndi kuvinitsa nawo anthu amene ena mwa iwo aledzera. Palibe ntchito ina imene munthu amapemphedwa kutsegula chilonda chake sabata ndi sabata kuti ena asangalale. Koma mbali ina, n'chifukwa cha kuumirira kwa anthuwo kuti ana obadwa Matafale atamwalira kale amadziwa nyimbo zake, ndiponso kuti mwambo wokumbukira oimbawa ku Chileka m'mwezi wa November umasonkhanitsa chinamtindi cha anthu. Apa n'kovuta kunena kuti wasenzetsa mnzake katundu ndani, pakuti oimba ndi omvera akulira maliro amodzi, wina ali pansanja wina ali pansi.

Nthawi zina pempho limaika woimba m'madzi otentha. M'chaka cha 2000 Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe anatulutsa nyimbo yotchedwa Wasakara, yonena za kuvomereza ukalamba. Iye ankati ikunena za munthu aliyense, koma anthu ambiri anaitenga kuti ikunena za Pulezidenti Robert Mugabe, ndipo ankaiimbira limodzi ndi cholinga chimenecho. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pa phwando la nyimbo ku Harare, munthu woyendetsa magetsi a pansanja anamangidwa chifukwa chowalitsa chithunzi cha Mugabe nyimboyo ili m'kati. Khamu likafuula limabalalika, aliyense n'kukagona kwawo osadziwika dzina. Wotsala ndi mlandu ndi amene nkhope yake inali poyera. Wopempha nyimbo yokhudza ndale kapena yonyoza munthu wina ayenera kudzifunsa ngati akadalimba mtima kuiimba yekha atapatsidwa chinkuzamawu.

Pali munthu wachitatu amene amaiwalika pa mkanganowu, ndiye womvera mnzake. Zimenezi zimaonekera bwino ndalama ikalowapo. Kufupa woimba ndi mwambo wakale ndiponso wabwino: munthu amasangalala kaye, kenaka n'kupereka kangachepe kothokoza. Koma pali mchitidwe wina wobwereka ku perekaniperekani wa paukwati, woti munthu wa thumba lolemera amapita kutsogolo, kuponya ndalama ndi kulamula kuti nyimbo imene ikuimbidwa iime, kapena kuti yake ibwerezedwe kachitatu. Paukwati zimenezi zili ndi malo ake, chifukwa cholinga chake n'kusonkhera banja latsopano ndipo aliyense amadziwa kuti ndi masewera. Pa phwando limene anthu mazanamazana alipira mtengo umodzi pakhomo, munthu mmodzi akagula nyimbo ndiye kuti wagula nthawi ya anzake onse iwo osavomera. Mnyamata wa kaunjika uja alibe china choponya. Chuma chake chonse chinathera pakhomo. Woimba amene amagonjera ndalama yotere walakwira anthu ambiri kuposa amene wakana pempho la khamu lonse.

Tsono ndalama ya pakhomo imagula chiyani? Siigula kumvera kwa woimba, pakuti iye si wantchito wa munthu aliyense m'bwalomo. Imagula ntchito yochitidwa mokhulupirika. Ndipo kukhulupirikako kuli ndi mbali imene oimba ena safuna kuimva. Dzina limene lalembedwa pa pepala lija linakula chifukwa cha nyimbo zina zodziwika, ndipo ndi nyimbo zimenezo zaitana anthu. Woimba amene amaitana khamu ndi mbiri ya nyimbo zakale, koma n'kukana kuimbako ngakhale imodzi popanda kuchenjeza, wachita ngati wogulitsa amene waika tomato wabwino pamwamba pa mulu, pansi pali wina. Sanabe kanthu pamaso pa lamulo, koma wanamiza. Ngati pali chifukwa chomveka chosaimbira nyimbo ina, kaya ndi chisoni, kaya anasintha chikhulupiriro ndipo mawu akale sakugwirizana nawonso, kaya gulu silinakonzeke, mawu awiri atatu ofotokoza amakwanira. Anthu a ku Ndirande amadziwika ndi kusanyengerera, koma chimene chimawapsetsa mtima kawirikawiri si kukanidwa ayi, ndi kuyesedwa ngati palibe amene walankhula.

Wopempha naye ali ndi malire ake. Mwambi uja umati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Pempho limakhala pempho pokhapokha ngati wopemphedwa angathe kukana. Munthu akafika potukwana, kuponya mabotolo kapena kukwera pansanja chifukwa nyimbo yake sinaimbidwe, waonetsa kuti chiyambire sankapempha koma ankalamula, ndipo chikondi chimene amati ali nacho pa woimbayo chinali chikondi cha pa iye mwini. N'zodabwitsa kuti munthu angathe kuloweza mawu onse a nyimbo yolalikira mtendere, n'kuvulaza mnzake chifukwa cha nyimbo yomweyo.

Giddes Chalamanda, wa ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, wakhala akupemphedwa nyimbo zomwezomwezo kwa zaka zochuluka kuposa zimene ambiri mwa omupemphawo akhala ndi moyo. Imodzi mwa izo ndi Linny Hoo. Mu 2020 woimba wachinyamata Patience Namadingo anakhala naye pansi naimba naye nyimbo zakezo m'kaimbidwe ka reggae, ndipo m'chaka chotsatira Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka m'maiko amene anthu ake sadziwa liwu limodzi la Chichewa. Achinyamata a ku Chilomoni ndi ku Machinjiri anayamba kuipempha ngati nyimbo yongotuluka kumene, pamene akuluakulu anali ataivina kale. Mkuluyo n'kuti ali ndi zaka zopitirira 90, ndipo anaiimbanso.